Dovu la Chigalu

"Bambo a mwana, chigalu chanuchi chandikwana," anatero mkaziyo akupukuta dovu lomwe linkayenderera pamwendo pake.

"Musachinyoze," anayankha amuna ake. "Makolo ake ankalondera nkhosa kumapiri, ankapha ndi mimbulu yomwe."

"Koma ichi chimangodziwa kudya, kuliza mkonono ndi kudondetsa dovu khonde lonse. Ine ndatopa kukolopa."

Tsiku limenelo ananyanyala, sanakolope. Pochokera kumsika masana, anapeza wakuba ali chagada pakhondepo akubuula, mwendo utathyoka, wailesi yawo ili poteropo. Anali ataterereka padovu lija. Chigalucho chinali chikadali mtulo.

Amuna ake anadziguguda pachifuwa. "Mwauona mtundu wake? Kuyambira lero pakhonde pano musamakolopenso."