Mphuno ya Dalaivala

"Nanga aka?" anafunsa pulofesa, akusendeza kabotolo kachisanu pamphuno pa dalaivala.

"Palafini."

Pulofesa anatembenukira ophunzira ake, chifuwa patsogolo. "Mwa anthu makumi anayi a m'kafukufuku wanga wa mankhwala atsopano, bambo awa ndi oyamba kumvanso fungo. Mphuno yawo inatseka zaka khumi ndi zisanu zapitazo."

"Inetu ndinangobwerera mutu, adokotala. Mphuno sindinaidandaule."

"Musachite manyazi, bambo. Sangalalani."

"Ndimayendetsa galimoto yopopa zimbudzi. Kuntchito anandipatsa ndi setifiketi yomwe, ati ndine wolimba mtima. Anzanga akamathawa, ine ndimadyera pomwepo. Koma chiyambire Lolemba ndikungothera pageti, mpango kumphuno. Abwana akuti ndikapanda kukwera galimoto pofika Lachisanu, makiyi apatsa wina. Simungaitsekenso mmene inalili?"

Pulofesa anaganiza kaye, cholembera pakamwa.

"Zimenezo zifunika kafukufuku wina. Mwina zaka zitatu."

Kenaka anaweramira pafomu. Pamzere wa zotsatira analemba kuti "Wachira". Pamzere wofunsa ngati mankhwala abweretsa vuto lililonse, anamuyang'ana dalaivala uja kuyambira kumutu mpaka kunsapato, nalemba kuti "Palibe".