Makeke a Ngumbi a Simbi

Mayi Enala anali pakhonde, kamtondo kali pakati pa miyendo, akusinja ngumbi zokazinga, pamene mwana wawo Vainess anatulukira atanyamula chikwama chachikulu chamizeremizere. Chikwamacho chinali chopanda kanthu, ndipo mayiwo anachiona bwino lomwe. Munsi sunaime.

Mvula yoyamba inali itagwa ku Lalapanzi sabata imeneyo, ngumbi n'kutuluka ngati utsi. M'makomo ena monse zinali ndiwo. Pakhomo pa mayi Enala zinali za galu.

Mbiri ya galuyo inali itafika mpaka ku Gweru, kumene ana awo awiri ankakhala. Anthu ankati mutu wa mayiwo wayamba kuzungulira. Nthawi ya masika ankaphikira galu maungu. Kukazizira ankamupotera mbatata ndi chiponde. M'chilimwe ankamuumbira timipira ta mgaiwa tosakaniza ndi matemba. Gedion, mwana wawo woyamba, atamva zimenezi anagamula pafoni: ngati n'zoona, Vainess akalongedze zovala za mayi, akakhome nyumba, abwere nawo kutauni.

"Mhamha," anatero Vainess atapereka moni wachidule, "ko ndi zoona? Ishwa zonsezi ndi za imbwa?"

"Ndi za Simbi. Ndipatse dzira liri m'mbalemo."

"Dzira futi?"

"Keke yopanda dzira imanyenyeka. Ndipo usathire mchere, agalu sayanjana nawo."

Vainess anapereka dziralo nkhope itagwa. Chichewa chake chinali chopunduka, chodalira Chishona ngati ndodo, koma mkwiyo wake unkamveka m'zinenero zonse ziwiri. Mayi ake anasakaniza ngumbizo ndi ufa wamgaiwa ndi chiponde pang'ono, n'kuumba timakeke tokwana pachikhatho. Anatiyala m'poto, anavundikira, n'kuthira makala amoto pamwamba pa chivundikiro. Posachedwa fungo linafika mpaka kwa aneba, ndipo makatani a nyumba yoyandikana nayo anagwedezeka.

"Asuzumire," anatero mayi Enala mokweza mawu dala. "Maso salipira."

Mumtima anali atawawidwa. Anabadwira m'komponi ya mgodi momwemo, anakwatiwa momwemo ndi malemu Yafeti, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzakumba miyala ya kuromu, ndipo ana awiriwa anawalera ndi manja omwewa. Lero ana omwewo ankafuna kuwanyamula ngati thumba la chimanga. Za komponi yakale zinali zitatha kale. Kampani yatsopano itafika inazunguliza waya kuseri kwa nyumba zawo, n'kumeza bwalo la mpira, chitsime ndi thengo lonse mpaka kuphiri. Wofuna kulowamo ankauzidwa kuti akapemphe chilolezo ku Harare, ndipo chilolezocho palibe anali atachionapo. Anzawo ambiri anagonja n'kusamuka. Iwo anatsala.

Akuweramira pamoto, chitenje chinakwera pang'ono, ndipo Vainess anaona chipsera chachikulu pakatumba.

"Ichi n'chiyani?"

"Simbi. Tsiku loyamba kuonana."

"Imbwa inakulumani, inu n'kumaiphikira makeke? Aiwa, mhamha, zvakwana. Mukoma Gedion ati tipite lero."

"Gedion akalamule mkazi wake. Ine pano sindichoka."

"Anthu akukusekani!"

"Aseke. Galu wamkota sakandira pachabe."

Vainess anamwaza maso pabwalo. Sanaone mbale ya galu, kapena unyolo, ngakhale phazi lake pamatope. Anangoona tsache latsopano ndi kakhasu zitatsamira pachitseko.

"Nanga ali kuti Simbi wanuyo?"

"Ali kuntchito. Si mlesi ngati ena."

Apa Vainess anatsimikiza kuti Gedion sananame. Anakhala pansi, misozi ikulengeza, n'kuyamba kutsegula zipi ya chikwama chija. Mayi ake anamusiya. Anaphula timakeke, anatipepeza ndi mbale mpaka titazizira, analawako kamodzi, n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenako anatikulunga m'kansalu.

"Zovala udzalongedza tikabwerako. Nyamula tsachelo ndi khasulo unditsate. Lero ndi Lamlungu, alonda ali kugeti lakumsewu akumvera mpira."

Anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kudutsa m'kadimba ka chimanga chongomera kumene mpaka pampanda wa kampani. Pansi pa mtengo wina waya anali wopindika, ndipo dothi la pamenepo linali losalala chifukwa cha mawondo a munthu. Mayi Enala anaimba kamluzu.

Tchire linaphwanyika. Chigalu chakuda, chotalika mpaka m'chiuno, chinatulukira mano ali pamtunda. Vainess anataya tsache. Koma chitamva fungo la ngumbi, chigalucho chinakhala pansi, mchira ukusesa dothi. Mayi Enala anachiponyera keke imodzi, n'kukhuthula zotsalazo patali pang'ono. Kenako anatukula waya uja.

Pakhosi pa Simbi panali lamba wolembedwa dzina la kampani.

"Agalu ndimadana nawo chibadwire, ndipo uyu ndimadana naye koposa," anatero mayi Enala akugwada kuti akwawe. "Tola tsachelo ulowe msanga asanamalize kudya. Mvula yameretsa udzu pamanda a bambo ako."