Fomu ya amayi ake sinafike

Panali munthu wina wokonza mawebusaiti, waluso ndithu, koma wodzimva. Nkhaniyi inachitikadi, anandiuza ndi mnzake wa muofesi momwemo.

Chipatala china chinamupatsa ntchito yokonza fomu ya pa intaneti, yoti odwala azilembapo vuto lawo kenako aimbiridwe foni n'kuuzidwa tsiku lokaonana ndi dokotala. Iye anaiyesa pa laputopu yake, pa bulawuza imodzi yokha, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti ija, basi n'kuti yatheka.

Mayi wina woyesa mawebusaiti muofesimo anati, "Achimwene, sitinaione pa mabulawuza akale a m'mafoni. Tipatseni masiku awiri."

"Inu, ndani akugwiritsabe ntchito zimenezo? Pa yanga ikuyenda bwinobwino," anayankha akuseka, n'kuitsegulira anthu tsiku lomwelo. Pajatu wodziwa zonse sauzidwa.

Mwezi womwewo amayi ake anapeza chotupa m'bere. Sanafune kumudetsa nkhawa mwana wawo. Anatenga kafoni kawo kosweka galasi n'kulemba pa fomu ija, akuuza anzawo kuti, "Imeneyitu wapanga ndi mwana wanga." Atadina batani panabwera mawu akuti "Zikomo, talandira." Koma pa bulawuza yakale fomuyo inkangoonetsa mawuwo n'kuima pomwepo. Kuchipatala sikunafike kanthu.

Aneba ankawauza kuti, "Bwanji osangopita kukaima pamzere?" Iwo ankati, "Andiimbira. Za mwana wanga sizinama." Foni ankapita nayo ndi kubafa komwe. Inatha miyezi inayi.

Mwanayo anamva tsiku limene amayi ake anagwa m'khitchini. Dokotala atawapima anapukusa mutu. "Mayi, munali kuti nthawi yonseyi? Matendawa afalikira."

Mwanayo anafufuza dzina lawo pamndandanda wa odwala, osalipeza. Anatenga kafoni kaja, kulembanso fomu, kudina. "Zikomo, talandira." Pamndandanda palibe kanthu. Cholakwikacho anachikonza m'mphindi khumi.

Anakagwada pambali pa bedi. "Amayi, ndine ndinalakwitsa. Uthenga wanu sunapite chifukwa cha ine."

Amayi anamusisita m'mutu. "Usalire iwe. Ndinadina molakwika ndine, ukudziwa sukulu sindinapite nayo patali."

Anamwalira patatha milungu itatu akudziimbabe mlandu okha. Ine mawu amenewo amandiwawa mumtima mpaka lero.

Phunziro: Chimene chikuyenda pa kompyuta yanu sindiye kuti chikuyenda kwa aliyense. Yesani pa mabulawuza onse, ndi pa mafoni akale omwe, ndipo mnzanu akati tidikire, mverani. Kuthamanga sikufika. Tumizirani onse amene amakonza zinthu zimene anthu amazidalira.