Paipi Yachiwiri

"Lumikizani kaye paipi yachiwiri," anatero dalaivala wa thankala ya mafuta.

Thumbiko, woyang'anira filing'i siteshoni, anaponya maso pamzere wa galimoto zomwe zinadikira mafuta masiku atatu. "Isiyeni, itichedwetsa. Anthuwa atopa."

Lamulo Thumbiko ankalidziwa bwino. Pothira petulo m'thanki ya pansi, paipi yachiwiriyo imabwezera mpweya wa mafuta m'thankala. Tsikulo mpweya wonse unatulukira kuseri kwa mpanda, pomwe aNyaChavula, mayi wodwala mphumu, ankagulitsa nthochi.

Posakhalitsa kunamveka kukuwa. Thumbiko anawapeza ali pansi, akubanika, ndipo anathamangira nawo kuchipatala.

Patatha sabata, aNyaChavula anatulukira atanyamula tambala.

"Yewo chomene, mwana wanga. Popanda inu bwenzi atandiika m'manda ku Bolero. Wandidwalitsa ndi utsi wa mbaula yanga, ndaitaya."

"Amama, tambalayu ine sindingathe..."

"Mphatso sakana. Landirani."

Thumbiko analandira ndi manja awiri, maso ali pansi.

"Mawa ndikubwerera pamalo panga pomwe paja," anatero mayiwo akumwetulira. "Ndikakhala pafupi ndi inu, mtima wanga umakhala m'malo."