Bambo Greyson Anabisira Anzawo Matenda

Panali munthu wina ku Kawale kuno, bambo Greyson, kalipentala. Amene munakhalako zaka zimenezo mukuwakumbukira. Loweruka lililonse m'mamawa ankathamanga ndi anzawo kuchoka ku Kawale, kudzera ku Biwi mpaka ku Area 23 n'kubwerera, akuimba. Azimayi osesa panja ankaimika matsache n'kumawalulutira. Bambo Greyson ndi anzawowo anayambira limodzi ali anyamata osavala nsapato, imvi zinawapeza ali pamsewu womwewo. Malamulo awo anali awiri: sathamanga atadya, ndipo wotsalira sadikiridwa.

Kenako bambo Greyson anawapeza ndi matenda a shuga, anayamba kudzibaya insulini. Anesi anawauza bwinobwino: "Kuthamanga musasiye. Koma jekeseni imatsitsa shuga, kuthamanganso kumatsitsa shuga. Mubwere tikambirane mlingo wa tsiku lothamanga. Muzidya kaye, muzinyamula masiwiti, anzanuwo adziwe."

Sanabwerereko. Akazi awo, mayi Dailesi, anawachonderera: "Bambo, auzeni a Lucious okha. Si mnzanu wa kuubwana?"

"Ndiwauze kuti azindigwira ngati dzira? Mayi, msewu uja ndinayamba kuuponda inu musanamere mano."

Loweruka anadzibaya mlingo wa masiku onse, osadya kanthu. Masiwiti amene mayi Dailesi anawaikira m'kabudula anawasiya patebulo.

Pofika ku Biwi thukuta lozizira linayamba, miyendo kunjenjemera, mawu osamveka. A Lucious anatembenuka.

"Aaa, achimwene, dzulo munaswera bala iti? Onani akudzandira, anthuni!"

"Ndi... ndikubwera," anatero bambo Greyson.

"Muzibwera ndi kabaza, agogo! Tikupezani pobwerera."

Onse anaseka n'kupitirira, monga ankachitira kuyambira kale.

Pobwerera anapeza anthu atazungulira ngalande. Bambo Greyson anali atakomoka m'ngalandemo, ndipo aliyense wodutsa ankati ndi chidakwa. Kuchipatala anati shuga anatsika kwambiri kwa nthawi yaitali. Moyo anapulumuka, koma mpaka lero amayenda mogwirizidwa, mawu amatuluka movutikira.

A Lucious atamva zoona zake kwa mayi Dailesi anakhala pansi pakhonde la chipatala.

"Alamu, m'thumba mwangamu munali masiwiti amene ndinagulira adzukulu. Ndinawasiya achimwene pamsewu ndili nawo, ndikuseka."

Phunziro: Matenda a shuga si manyazi. Ngati mumabaya insulini ndipo mumathamanga mtunda wautali, kafunseni achipatala za mlingo wanu, musadzipangire nokha. Yezani shuga musananyamuke, idyani, nyamulani chotsekemera, ndipo uzani amene mukuthamanga nawo. Mnzanu akayamba kudzandira, m'patseni chotsekemera akadali wotha kumeza. Akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Musangowerenga n'kuti "zachisoni". Tumizani nkhaniyi kwa abambo onse ouma mutu amene mukuwadziwa, lero lomwe.