Mulu wa Miyala wa Gilda

"Mulu uwu wokha usiyeni, bwana," anatero Felizardo, atagwira fosholo ya wantchito mnzake.

Bambo Jaime, mwini kamgodi ka ku Ngauma, anachita tsinya. Woyendera migodi wa boma anali atanenetsa kuti akadzapezanso miyala yotayidwa m'mbali mwa mtsinje, adzatseka mgodiwo.

"Siyochokera m'dzenje lanu iyi," anadandaula Felizardo. "Tikuthawa nkhondo kupita ku Malawi, mkazi wanga Gilda anafera pano. Ndinakumba ndi chikwanje, n'kuunjikapo miyala kuti afisi asafukule."

"Ndiye wabomayo ndikamuuze kuti mwala uwu ndi wa manda, uwo ndi wa mgodi?" anafunsa Bambo Jaime. "Tonse tangobwerera kumene, nkhokwe tilibe. Akatitsekera, ana ako adya chiyani?"

Felizardo anakana kuti wina akhudzepo. Anatuta yekha ndi manja, mwala umodziumodzi, kenako n'kusalaza dothi.

Woyendera uja atafika, anaima pamalo pomwepo n'kupondaponda ndi nsapato zake.

"Apa ndiye mwagwira ntchito, bambo," anauza Felizardo akumwetulira. "Munthu sangadziwe kuti panali kanthu."