Mfuko, Nyongolotsi ndi Eni Matope

Padangokhala, kudambo lina la matope akuda, Mfuko ndi Nyongolotsi ankalimbirana nthaka. Aliyense ankati pansi ponsepo ndi pake.

Tsiku lina kunagwa chimvula chosakata, madzi n'kuyamba kulowa m'mauna. Mfuko anati, "Tikhale pansi pompano. Woyamba kutuluka kukapuma mpweya, malo wataya."

Anakhaladi. Mpweya unkachepa, mdima uli bii. Kenaka m'matopemo munamveka timawu tambirimbiri tonong'ona pamodzi.

"Takulandirani, alendo athu."

"Ndinu yani?" anafunsa Nyongolotsi.

"Ndife tizilombo tosaoneka ndi maso. Tidabadwira muno. Mpweya ukatha ife sitivutika, timapumira dzimbiri la m'dothi. Chakudya chathu ndi chilichonse chimene chaleka kupuma."

Nyongolotsi anati, "Achimwene, tiyeni tizipita. Nthakayi ndakusiyirani." Anakwawa n'kutulukira kumtunda, mvula ikumumenya.

Mfuko anaseka, pachifuwa pakulira. "Mwaona? Ndapambana! Nthaka yonseyi ndi yanga!"

Tizilombo tija tinayankha mwaulemu, "Ndi yanudi, bwana. Gonani pamalo panu. Ife sitifulumira."

Apo m'pamene Mfuko anachita mantha. Anayesa kukumba njira yotulukira, koma miyendo inali italemera kale. Anangomva matope ozizira akumufunditsa pang'onopang'ono ngati bulangete.

Madzi ataphwera, Nyongolotsi anabwerera n'kuitana mnzake pauna paja. Sipanamveke yankho. Panangotumphuka thovu limodzi lonunkha ngati dzira lovunda, kenaka linanso.

Nthano yanga yamira pomwepo.